Pakhomo Kumapeto kwa Dzinja: Ntchito, Chakudya ndi Alendo

Mawu oyamba

Kabuku aka talembera mabanja a kumudzi, ndipo kakunena za miyezi ya Febuluwale, Malichi ndi Epulo, pamene mvula yayamba kuchepa koma chimanga sichinaume. Kumunda kwabiriwira, maungu ayanga, mondokwa wayamba kudyedwa, koma m'nkhokwe mulibe kanthu ndipo ufa ndi wogula. Udzudzu wachuluka, zitsime zadzaza madzi a matope, zipupa za nyumba zanyowa. Nthawi yomweyi ndi imene alendo amachuluka: achibale a m'tauni odzaona mbewu, ana a sukulu obwera kutchuthi cha Pasaka, apongozi, anthu aganyu, a mpingo odzayendera odwala, ndiponso mavenda ofuna kugula mbewu zikadali m'munda.

Zimene banja lichite m'masabata amenewa n'zimene zidzaoneke m'mbale mu Okutobala ndi Novembala. Mlendo alandiridwe bwino monga mwa mwambo wathu, koma chakudya cha chaka chonse chisathere mu Malichi, ndipo mlendo kapena mwini khomo asachokepo ndi matenda. Werengani kabukuka pamodzi, bambo, mayi ndi ana okulirapo, chifukwa ntchito zake si za munthu mmodzi.

1. Yambani ndi kuwerengera chakudya

Khalani pansi madzulo amodzi muwerengere. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limatha masabata angati pakhomo panu? Ngati limatha masabata 3, ndiye kuti pachaka mufunika matumba pafupifupi 18. Onjezanipo matumba awiri kapena atatu a alendo, maliro ndi zinkhoswe. Kenako yendani m'munda muyerekeze zimene mukolole. Mukatero mudziwa ngati muli ndi chogulitsa kapena ayi, ndiponso kuchuluka kwa mondokwa amene mungathyole osadziputira njala.

Patulani mizere ingapo kumapeto kwa munda kuti ikhale ya chimanga chachiwisi. Chootcha, chophika ndi chopatsa alendo chichokere m'mizere imeneyo basi. Ana adziwe, alendo auzidwenso mwaulemu. Munda umene aliyense amalowa n'kuthyola pomwe wafuna umatha osadziwika, ndipo chimene chimayamba kupita ndi chimanga chachikuluchikulu.

Mabanja ambiri amapulumukira chitibu podikira kukolola. Palibe cholakwika, koma thyolani chokwana masiku ochepa, tongolani, yanikani pamphasa mpaka chiume, ndipo ufa wake muuyanikenso mukachoka kuchigayo. Ufa wa chitibu ukasungidwa wonyowa umachita chuku pa masiku owerengeka.

Nsima isakhale yokha yonyamula banja. Nyengo ino kuli maungu, mphonda, mbatata zoyambirira, chinangwa, nthochi, nzimbe, magwafa ndi mapeyala. Kadzutsa wa maungu kapena futali amasunga ufa wa nsima ya madzulo. Alangizi amatikumbutsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zamasamba, zipatso, zanyama ndi zamafuta. Kumapeto kwa dzinja magulu ambiri mwa amenewa ali pakhomo pomwepo osagula. Nyemba zoyamba zacha, masamba ndi ambiri, peyala limalowa m'malo mwa mafuta, dzira kapena usipa pang'ono zikwaniritsa.

Mwana wamng'ono asaiwalike chifukwa cha ntchito za kumunda kapena chifukwa mbale yabwino yapita kwa alendo. Phala lake likhale la mgaiwa lothira nsinjiro, masamba osinja kapena peyala. Ngati muli ndi soya, sakanizani makapu 4 a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga, mukagayitse pamodzi.

2. Futsani ndiwo zikadali zambiri

Masamba amene lero tikupondaponda m'munda ndi omwe tidzawafune ndi ndalama mu Seputembala. Nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, chisoso, luni, denje, kholowa ndi therere lobala zonse zimafutsika. Ntchitoyi ichitike masamba asanakalambe, makamaka masiku amene dzuwa lawala kuyambira m'mawa.

Kafutsidwe kake ndi aka:

- Thyolani masamba anthete, opanda mawanga ndi mbozi.
- Tsukani ndi madzi oyera musanadule, kuti zofunika m'thupi zisatsalire m'madzi.
- Wiritsani madzi othira mchere pang'ono, ikanimo masambawo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Mukawaphikitsa amatha mphamvu ndi kukoma.
- Tsanulani madzi, yalani masambawo mopyapyala pamphasa yoyera kapena m'malichero, pathandala osati pansi pomwe nkhuku, agalu ndi fumbi zimafika.
- Phimbani ndi nsalu yopyapyala yoyera kuti ntchentche zisatere, ndiponso kuti dzuwa lisawawaule mtundu.
- Tembenuzani kangapo patsiku, ndipo madzulo lowetsani m'nyumba. Auma ngati akufumbutuka mukawafinya m'manja.

Mfutso sungani m'zikwatu zopachika kukhitchini, mumtsuko wouma wovundikira bwino, kapena m'ndowa yokhala ndi chotsekera. Mtundu uliwonse ukhale pawokha. Pakatha mwezi muziutulutsa kuuonetsa dzuwa. Maungu ndi mbatata nazonso zimadulidwa mopyapyala n'kuyanikidwa. Makaka a chinangwa ndi a mbatata aume mpaka kuthyoka, apo ayi amada ndi chuku.

Pa bowa chenjerani kwambiri. Idyani ndi kufutsa mitundu yokhayo imene akuluakulu a kwanuko amaidziwa bwino, monga utale, ndelema ndi manyame. Mlendo wochokera dera lina asazule bowa yekha, chifukwa bowa wakupha amatha kufanana ndi amene amadya kwawo. Kuphika, kufutsa kapena kuyanika sikuchotsa poizoni wa bowa woipa. Zizindikiro zimatha kuchedwa maola 6 mpaka 24, ndipo munthu amatha kuoneka ngati wachira pomwe chiwindi chikuwonongeka. Wina akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba atadya bowa, onse amene anadya nawo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

3. Madzi, chimbudzi ndi manja

Mvula imakokolola zonyansa za kutchire n'kuzithira m'zitsime ndi m'mitsinje. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unafalikira m'maboma onse a dziko la Malawi ndipo unapha anthu oposa 1,700. Kolera imayenda ndi anthu: pamaliro, pamisika, pamaulendo. Munthu amatha kukhala ndi tizilombo take iye osadwala. Choncho pakhomo polandira alendo ukhondo uwonjezeke.

Madzi akumwa thirani kolorini amene amagawa alangizi a zaumoyo, kapena WaterGuard, motsatira muyeso umene mwauzidwa, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Ngati mankhwala palibe, wiritsani madziwo mpaka abwadamuke. Ngakhale madzi a pamjigo amadetsedwa panjira ndi m'nyumba, choncho tungirani m'ndowa yotsuka yovundikira, osaikamo masamba oletsa kutayika. Kapu yotungira ikhale ina, yomwera ikhale ina.

Chimbudzi chikhale pamtunda wa mamita 30 kapena kuposa kuchokera pachitsime, ndipo chikhale kumunsi kwake. Nyengo ino zimbudzi zambiri zimagwa. Onani mitengo ya pansi ngati yafumbwa, folerani denga, kwezani dothi mozungulira kuti madzi asalowe m'dzenje, ndipo pabowo pakhale chivundikiro. Chimbudzi chikagwa kumbani china msanga, ngakhale chongoyembekezera. Banja lisabwerere kutchire. Chimbudzi cha mwana wakhanda nacho chitayidwe m'dzenje momwemo. Panja pa chimbudzi ikani mpondagiya ndi sopo, kapena phulusa ngati sopo wasowa.

Pa chakudya, mwambo wosambira m'manja m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu mpaka mwana, usiyidwe. Wina azithirira madzi ndi jagi, beseni likhale lolandirira madzi akuda. Ulemu sutha: wothirirayo amagwadabe, ndipo mlendo ndiye amayamba. Chakudya chidyedwe chotentha. Mkute utenthetsedwe mpaka utuluke nthunzi. Magwafa, nkhaka ndi zipwete zitsukidwe ndi madzi otetezedwa.

Wina akatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa pafupipafupi. Ngati Thanzi palibe, thirani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Ngati chimbudzi chikutuluka chamadzi ngati otsukira mpunga, nyamukani nthawi yomweyo, wodwalayo azimwa Thanzi m'njira. Kolera imatha kupha munthu wamkulu pa maola ochepa.

4. Malungo ndi malo ogona alendo

Udzudzu wofalitsa malungo umaswana m'madzi odikha ndipo umaluma kwambiri usiku. Kwirirani zithaphwi ndi maenje oumbira njerwa amene ali pafupi ndi nyumba, tsegulani ngalande, ndipo tchetchani udzu wozungulira bwalo. Kutchetcha kumathandizanso kuona njoka, zomwe zimayandikira nyumba posaka mbewa ndi achule.

Alendo akabwera, kawirikawiri ana ndi amene amachotsedwa pamalo awo n'kukagona kukhitchini kapena pabalaza popanda neti. Apa ndi pamene malungo amalowera. Sungani neti imodzi yapadera ya alendo. Ngati maneti ndi ochepa, oyamba kugona m'neti ndi amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 5. Mlendo wanzeru sangadandaule. Achibale ochokera m'tauni auzeni pafoni kuti abwere ndi neti yawo. Amene akhala zaka zambiri kunja, monga ku South Africa, thupi lawo limakhala litaiwala malungo ndipo akadwala amadwala kwambiri, choncho asagone usiku ndi umodzi womwe popanda neti. Neti yong'ambika isokedwe. Neti si yotchingira dimba, si yophera usipa, si youmikira nkhuku.

Aliyense amene watentha thupi akayezetse magazi pasanathe tsiku limodzi. Ana aang'ono angathandizidwe kuchipatala cha m'mudzi kwa alangizi a zaumoyo. Wopezeka ndi malungo akapatsidwa mankhwala a LA amwe kawiri patsiku kwa masiku 3 mpaka amalize, ngakhale apeze bwino msanga, ndipo asagawire wina. Mwana akakomoka, akamasanza chilichonse, akakanika kuyamwa kapena kumwa, kapena akafooka kwambiri, thamangirani kuchipatala usiku womwewo. Mungathenso kufunsa malangizo kwaulere ku Chipatala cha pa Foni.

Mlendo asagonekedwe m'chipinda momwe muli fodya, feteleza kapena mankhwala ophera mbozi. Mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

5. Kulandira alendo mosawononga

Munthu akati "Odi", timamulandira, kumulandira katundu, kumupatsa mpando kapena mphasa, madzi akumwa, kenako malonje. Zimenezi sizilira ndalama. Chovuta chimabwera pa chakudya. Ena amakongola kwa akatapila kuti agule nyama, shuga ndi buledi poopa kuoneka osauka, ngongoleyo n'kudzabweza ndi matumba a chimanga pokolola. Musatero. Mlendo wa m'tauni amalakalaka zomwe kwawoko amagula modula: mondokwa wootcha, maungu, nkhwani wotendera, nyemba zatsopano, thobwa, chigumu. Mupatseni zimenezo mosachita manyazi.

Nkhuku ya mlendo ndi mwambo wabwino, koma sankhani tambala wotsala kapena thadzi losiya kuikira, osati la make anapiye kapena loikira mazira.

Mlendo wokhala masiku angapo alowe nawo m'ntchito. Achinyamata athandize kutunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kumanga thandala. Azakhali ndi agogo ndi akatswiri a zikwatu, ndipo ana angaphunzire kwa iwo. Pobwerera, kamba wa mlendo achokere m'mizere ija munapatula ndi m'zinthu zochuluka monga maungu, nzimbe ndi mbatata. Za thumba la chimanga muuzeni poyera kuti: "Achimwene, tidikire tikolole, tiwerengere, kenako tidzakuuzani." Bambo ndi mayi agwirizane kaye asanalonjeze kanthu kwa abale a mbali iliyonse. Mikangano yambiri ya m'banja nyengo ino imayamba ndi thumba limene wina wapereka mnzake osadziwa.

Nanunso pindulani ndi mlendo. Mufunseni mitengo ya mbewu kumene achokera, ndipo sinthanani mbewu za maungu, khobwe, nzama, mawere kapena mbatata. Mbatata zofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Mathuthu zili ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Mukapatsidwa zingwe zake bzalani kudimba kuti mbewu isafe m'chilimwe.

Pali mphatso ziwiri zofunika kusamala nazo. Nkhuku yobwera ndi mlendo kapena yogula kumsika isasakanizidwe ndi zanu mpaka patatha masabata awiri, chifukwa chitopa chimalowa m'khola motero. Katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso, aperekedwe miyezi 4 iliyonse nkhuku zisanadwale. Nyama ya nkhumba yosadziwika kochokera ingabweretse chigodola, matenda amene amatha khola lonse. Zotsala zake ndi madzi otsukira zisapite kwa nkhumba, ndipo alendo, makamaka ogula ziweto, asalowe m'khola.

Mlendo wina ndi venda wobwera ndi ndalama m'manja banja lili pa njala. Kugulitsa chimanga, soya kapena mtedza zikadali m'munda ndi kugulitsa pamtengo wotsikitsitsa wa chaka. Ngati pali vuto la ndalama, yambani mwafunsa kubanki mkhonde, kapena gulitsani nkhuku kapena mbuzi imodzi. Nthawi yogulitsa ikakwana, mverani mitengo yoyambira imene boma limalengeza chaka chilichonse, gulitsani pagulu, ndipo onani ngati sikelo ili ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards.

6. Nyumba ndi mvula yomaliza

Musanyengedwe ndi masiku a dzuwa. Namondwe wa Idai anadza mu Malichi 2019, wa Gombe mu Malichi 2022, ndipo wa Freddy, amene anawononga kwambiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena a kummwera, anadza mu Malichi 2023. Nthawi imeneyi dothi limakhala litakhuta kale madzi, ndipo mvula ya masiku awiri imagwetsa nyumba.

Zungulirani nyumba mukamaliza kusesa m'mawa. Kwezani ndi kutsindira khonde, kumbani ngalande yopatutsa madzi, tsekani modontha, ndipo chipupa chikang'aluka kapena kupendekeka musagoneke munthu pafupi nacho. Mverani uthenga wa nthambi yoona zanyengo pawailesi. Okhala m'mphepete mwa mitsinje ndi m'munsi mwa mapiri adziwiretu kothawira, ndipo ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi makadi a kusikelo akhale m'pepala la pulasitiki pamalo amodzi. Mtsinje ukadzaza, mlendo agonenso, musamuperekeze kukaoloka. Kukamachita ziphaliwali, ana asabisale pansi pa mtengo.

Nkhuni zouma zimasowa. Unjikani pakhonde kapena pansanja ya kukhitchini zokwana sabata, ndipo gwiritsani ntchito mbaula ya Chitetezo imene imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa.

7. Gawanani ntchito

Tsiku la mayi nyengo ino limayamba kusanache: kusesa, kutunga madzi, kuphika, kumunda, kufutsa ndiwo, kuchigayo, kusamalira wodwala, kenako kuphikira alendo. Mutu umodzi susenza denga. Bambo angatenge njinga n'kupita kuchigayo, kutunga madzi, kukonza chimbudzi ndi kupita ndi mwana kuchipatala. Anyamata ndi atsikana agawane mofanana kutsuka mbale, kusesa ndi kudyetsa ziweto, koma ntchito zawo zichitike asanapite kapena atabwera kusukulu. Mwana asajombe chifukwa choti kwabwera alendo kapena kuti akalondere anyani kumunda.

Kumene amalima fodya ino ndi nthawi yothyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa. Ana asagwire fodya. Tsamba lonyowa limalowetsa poizoni wake kudzera pakhungu, mwana n'kuyamba chizungulire, mutu ndi kusanza, ndipo malamulo a dziko amaletsa kugwiritsa ana osakwana zaka 18 ntchito zoika moyo wawo pachiswe. Mayi woyembekezera apepukidwe ntchito zolemera ndipo asaphonye sikelo.

Mbuzi zikadali zomangirira mpaka anthu akolole. Zisinthireni malo, zipatseni madzi ndi mthunzi, ndipo khola likhale lokwera kuti zisagone m'matope. Mbuzi yodula chingwe n'kulowa m'munda wa eni imathera kubwalo la amfumu.

8. Konzekerani kukolola

Epulo asanafike, chotsani zotsalira zonse m'nkhokwe ndi m'chipinda chosungira mbewu, sesani ndi kutentha zinyalalazo, chifukwa anankafumbwe a chaka chatha amabisala momwemo. Matani ming'alu ndi maenje a makoswe. Matumba akale achapidwe m'madzi otentha ndi kuyanikidwa. Pezeranitu mphasa kapena lona woyanikira, ndipo konzani mitengo yosanjikira matumba kuti asagunde pansi kapena chipupa.

Chimanga ndi mtedza zisayanikidwe padothi. Chuku chimene chimamera pa mbewu zonyowa chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo satha ndi kuphika. Mtedza umitsani m'milu yoyang'anitsa mtedzawo mkati, mpweya ukudutsa pakati, ndipo musauwaze madzi pofuna kuti usendeke msanga. Mbewu zowola zisaphikidwe mowa, zisasinjidwe nsinjiro, zisapatsidwe ziweto.

Poyesa ngati chimanga chauma, ikani dzanja limodzi la chimanga ndi supuni ya mchere wouma m'botolo louma, tsekani, khutchumulani, ndipo lisiyeni kwa mphindi 15. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chiyanikidwenso. Chouma bwino sungani m'matumba a PICS, amene ali ndi mapepala awiri a pulasitiki mkati ndi thumba kunja ndipo salira mankhwala. Pepala lililonse limangidwe palokha. Mukasankha matumba wamba, thirani mankhwala ovomerezeka monga Actellic pamuyeso wolembedwa pabotolo.

Udzu ndi masamba zikadali zaziwisi, yambani kupanga manyowa a kompositi posakaniza ndi ndowe ndi phulusa. Mapesi musadzawatenthe. Mbewu ya nyemba, mtedza ndi chimanga cha makolo isankhidwe kumbewu zathanzi ndi kusungidwa payokha, ndipo aliyense pakhomo adziwe kuti imeneyo si yodya, si yopatsa alendo. Chimanga cha haibulidi sichibwerezedwa.

Mawu otsiriza

Sabata ino chitani zinthu zinayi: werengerani chakudya ndi kupatula mizere ya mondokwa, futsani ndiwo zoyamba, konzani chimbudzi ndi mpondagiya, ndipo pezani neti ya alendo. Pomwe simunamvetse funsani alangizi a zaulimi, a ziweto kapena a zaumoyo a m'dera lanu. Mukamaliza kuwerenga, bwerekani kabukuka kwa anansi anu, ndipo mukakambirane nkhanizi kugulu la amayi, kukalabu ya alimi ndi pamsonkhano wa amfumu mvula isanathe.